Ndapeza chipande chakwathu pamsika wa zinthu zamakedzana ku Birmingham

NaPhiri (Birmingham):
Moni nonse apagulu. Pali nkhani yomwe yandikhala pamtima kuyambira Loweruka. Mnzanga wa kuntchito, mayi wachizungu wokonda zakale, ananditenga kupita kumsika wina womwe umachitikira m'holo ya tchalitchi kamodzi pamwezi. Kumeneko amagulitsa mawotchi akale, nyale, mabuku, mbale zadothi. Tebulo lina linali la zamtengo zokhazokha: masupuni, mbale zikuluzikulu zokandiramo buledi, tizidindo tosindikizira maluwa pa batala. Ndiye pakati pa zonsezo maso anga anagwa pa chipande. Abale inu, chipande chenicheni choomolera nsima, chogwirira chachifupi, chakuda ndi mwaye. Pambali pake panali kamtondo kosinjira nsinjiro, kopanda munsi wake.

Pa kapepala komangirira ndi ulusi analembapo mawu awiri okha, "primitive, African", mtengo wake mapaundi 45. Nditafunsa wogulitsayo komwe anachitenga, anati anagula katundu yense wa m'nyumba ya mkulu wina amene anamwalira, yemwe anagwirapo ntchito ku Africa kalekale. Dziko lake sakulidziwa. Iye amachitcha supuni yotungira mbewu.

Ndinachitenga m'manja n'kuchinunkhiza. Fungo la utsi wa nkhuni likadalimo, abale. Misozi inalengeza pamaso pa anthu. Sindinagule, koma wogulitsayo wati andisungira mpaka msika wa mwezi wamawa.

Mafunso anga ndi atatu. Mawu akuti "primitive" amenewa ndi chipongwe kapena ndi dzina chabe la malonda? Kodi ndikachigule? Ndipo lachitatu, ine ndili ndi mthiko ndi chipande cha malemu agogo anga a ku Dedza, zomwe amayi anandipatsa pobwera kuno. Mthikowo wayamba kutuluka kaufa pa timabowo ting'onoting'ono. Ndichite bwanji?

Tadala (Lilongwe):
Ndi chipongwe basi, achemwali, palibe kuzungulira. Mawu amenewo ndi omwe ankanenera makolo athu kuti ndi anthu osatsegula m'maso. Chinthu chomwe mayi wina anadyetsera ana ake zaka zambirimbiri, lero chalembedwa ngati cha anthu akutchire. Ine zandipweteka.

NaChisale (South Bend):
Mwana wanga Tadala, mtima m'malo pang'ono, ndikuuzeko zomwe ndaona kuno ku America. Mawu amenewa kuno amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa katundu wa azungu okhaokha. Ukalowa m'sitolo ya zinthu zakale m'matauni ang'onoang'ono a ku Indiana kapena ku Ohio, upeza chigawo chonse chalembedwa "primitives". Mmenemo muli zomwe alimi a m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 ankadzipangira okha pakhomo, fakitale isanafike: mbale zazitali zosemedwa pa chipika chimodzi zokandiramo ufa, zopalasira batala, zosinjira mbatata, mabokosi a mchere opachika pakhoma. Zambiri zimachokera ku New England ndi ku Pennsylvania. Tanthauzo lake pamenepo ndi lakuti chinthucho anachipanga ndi munthu wamba, ndi manja, kuti chigwire ntchito, osati kukongoletsa nyumba.

Ndipo okonda zimenezi amafuna zipsera zomwe. Mbale yong'aluka yomwe mwini wake anaimanga ndi waya kapena kuikhomera kachitsulo imagulidwa bwino kuposa yosalala. Zodula kwambiri ndi mbale zosemedwa kuchokera ku chotupa chomwe chimamera pathunthu la mtengo, chifukwa mitsempha yake ndi yopotana ndipo sizing'aluka msanga. Zambiri mwa mbale zimenezo anasema ndi eni dziko a kumpoto chakum'mawa kwa America, azungu n'kuphunzirako.

NaPhiri, taonani bwino ngati tizidindo ta batala tija sanatilembenso mawu omwewo.

NaPhiri (Birmingham):
Zoona mayi, tina tinali ndi mawu omwewo. Koma kachidindo kamodzi analemba kuti n'ka ku Wales, cha m'ma 1850, mtengo wake wa sycamore.

Tadala (Lilongwe):
Mwaona nokha! Mayi NaChisale ndakumvani ndipo ndaphunzirapo. Koma onani kusiyana kwake. Chawo achilembera dera, zaka, ngakhale mtundu wa mtengo. Chathu angoti "African", ngati kuti Africa ndi mudzi umodzi wa nyumba khumi. Kuchokera ku Dakar mpaka ku Nsanje, dzina limodzi. Ndiye ngakhale mawuwo akhale amodzi pa mapepala onse awiri, sakulemera mofanana.

aBanda, mphunzitsi wopuma (Zomba):
Ana inu, nonse awiri muli ndi mbali yanu, ndipo mundilole nditalikitseko pang'ono.

Mawu amenewa ayenda njira ziwiri. Njira yomwe afotokoza a NaChisale ilipodi. Koma ina ndi yomwe ikumuwawa Tadala. Ku New York kunali nyumba yosungiramo zinthu yomwe dzina lake lenileni linali Museum of Primitive Art. Anaiyambitsa ndi Nelson Rockefeller, inatsegulidwa mu 1957, ndipo munali zosema za ku Africa, za ku zilumba za m'nyanja ya Pacific ndi za eni dziko a ku America. Pambuyo pake katunduyo anasamutsidwira ku Metropolitan Museum, ndipo m'kupita kwa nthawi dzina lija analisiya, n'kuyamba kutchula madera komwe zinthuzo zinachokera. Mu 1984 Museum of Modern Art inachita chionetsero chachikulu choika zosema za ku Africa pambali pa ntchito za wojambula wotchuka Picasso ndi anzake, ndipo chinadzetsa mkangano woopsa pa chifukwa chomwe wanena Tadalachi: mzungu ali ndi dzina ndi chaka, mmisiri wa ku Africa alibe. Lero nyumba zikuluzikulu za zinthu zakale zimawapewa mawu amenewa. Atsalira m'misika ngati womwe munapitawo.

Za masupuni zenizenizo, a mtundu wa Dan a ku Liberia ndi Côte d'Ivoire amasema zipande zazikulu zokhala ndi miyendo kapena mutu wa munthu, zomwe amapatsa mayi wodziwa kulandira alendo kuposa onse m'mudzi, ndipo amavina nacho pa phwando. Mmisiri wa ku Switzerland Alberto Giacometti ataziona ku Paris anaumba chifanizo chake chotchuka cha mkazi wooneka ngati supuni cha m'ma 1926. Iye dziko lonse likumudziwa.

NaPhiri, muli pamalo abwino. Angerezi zinthu zazing'ono zamtengo za pakhomo amazitcha "treen", kuchokera ku mawu awo otanthauza mtengo. Munthu amene anazisonkhanitsa kwambiri ndi Edward Pinto, zinthu pafupifupi 7,000, ndipo myuziyamu ya mumzinda wanu womwewo wa Birmingham inazigula mu 1965. Ku myuziyamu ya St Fagans pafupi ndi Cardiff ku Wales amasunga supuni yachikondi, yomwe mnyamata ankasemera namwali pofunsira, yolembedwa chaka cha 1667. Zaka zoposa 350, supuni yamtengo! Ife kuno chiswe ndi anankafumbwe satilola kufika pamenepo, komanso sitinazolowere kusunga chomwe chatha ntchito. Mthiko ukathyoka umapita pamoto.

aMbewe, msemi (Mtakataka):
Zikomo aphunzitsi. Ine sukulu sindinapite nayo patali koma kasemasema ndamugwira kuyambira ndili mnyamata, ndinaphunzira kwa amalume anga. Kuno kwathu zosema si zachilendo, a Mua Mission tili nawo pafupi, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976 ndipo amisiri ambiri a dera lino anasulidwira kumeneko. Koma chipande ndi mthiko sizinayambire ku mishoni, n'zam'mudzi.

Amene akuti chipande n'chosavuta asemeko chimodzi tione. Choyamba umasankha mtengo wosawawa, wosanunkha, wosatulutsa mtundu. Mlombwa ndi wabwino pa mtondo ndi mbale, koma pa mthiko ine sindiufuna chifukwa umachucha zofiira, nsima ingasanduke. Muwanga ndi wa munsi, chifukwa ndi wolemera ndipo sutha msanga. Mkuyu ena amasemera mtondo poti ndi wofewa kugoba. Mwavi sitiukhudza n'komwe pa chinthu chodyera. Masiku ano mithiko yambiri yomwe mukuiona pamsika ndi ya malaina ndi bulugama, poti mitengo yachilengedwe yapita ndi makala.

Umasema mtengo ukadali wauwisi. Chipikacho umaching'amba pakati, n'kupewa mtima wake, chifukwa ukausiya mtimawo chipande chidzang'aluka pouma. Ukatero umapala kunja ndi kasemasema, m'kati umagoba ndi sompho, pomaliza mpeni. Amalume ankasalaza ndi galasi losweka, sandipepala kunalibe. Kenako umachiika pamthunzi kapena kuchisomeka kudenga la khitchini kuti chiume pang'onopang'ono ndi utsi. Ukachiyanika padzuwa wachipha.

Kukula kwa kamwa la chipande ndiko kukula kwa mtanda wa nsima. Mayi akabwera kudzaitanitsa ndimafunsa kuti pakhomo muli angati, amuna anu amalima kapena ndi a muofesi. Milomo yake iyenera kupyapyala kuti idule nsima mumphika, koma osapyapyalitsa mpaka kubenthuka.

Mayi NaPhiri, ngati munajambula, tatiuzani: m'kati mwake mukuoneka mapazi a sompho? Ndipo mlomo wake watha mbali iti, mukachigwira chogwirira chili kwa inu, kamwa lili m'mwamba?

NaPhiri (Birmingham):
Ndinajambula zithunzi zinayi, bambo Mbewe. Kunsana kwake kukuoneka timabanga tating'ono totsatizana ngati mamba a nsomba. M'kati ndi mosalala kwambiri, motuwa, pamene kunja n'kwakuda. Mlomo watha mbali ya kumanja, wapendekeka ndithu ngati wina anachita kudula. Pachogwirira pali kabowo kootcha ndi chitsulo chamoto, ndipo penapake pafupi ndi khosi pali dzenje losalala loti chala chachikulu chimakwanamo.

aMbewe, msemi (Mtakataka):
Chimenecho chagwira ntchito, si chonamizira. Kutuwa kwa m'katiko ndi madzi, paja poomola timayamba taviika chipande m'madzi kuti nsima isamatirire, ndiye kutsuka kwa tsiku ndi tsiku. Koma mvetsani ichi. Munthu wa dzanja lamanja chipande chake chimatha mbali ya kumanzere, komwe chimakhula mphika. Chanucho chatha kumanja. Mwini wake anali mayi wamanzere.

NaGama (Ntcheu):
Mayo ine. Thupi langa lachita tsemwe. Dzina lake sitikulidziwa, mudzi wake sitikuudziwa, koma tadziwa dzanja lomwe ankaomolera. Ndipo kale mwana wamanzere ankamumenya kuti asinthe, ndiye mayi ameneyu ayenera kuti ankadya ndi lamanja pamaso pa anthu, koma kukhitchini ali yekha n'kumagwira ndi dzanja lake lenileni.

Chisomo (Johannesburg):
Akuluakulu, ndiyankhuleko monga munthu amene wagulitsapo ziboliboli zaka zisanu ndi zitatu, kuyambira pa positi ofesi ku Old Town ku Lilongwe mpaka kuno ku Joni. Chomwe anena bambo Mbewe n'choona, koma achemwali musamakhulupirire chakuda chilichonse. Ndinena poyera chifukwa ndinazisiya ndipo sindinyadira nazo: ifeyo tinkakalambitsa katundu. Supuni yosemedwa Lolemba, pofika Lachisanu ikuoneka ya nthawi ya atsamunda. Tinkapaka polishi wa nsapato, kuviika mu tiyi wakuda bii, kufukiza pa utsi wa nsanza, ena kukwirira pansi pa dothi lonyowa kwa milungu ingapo. Timabowo ta anankafumbwe tinkaboola ndi kamsomali kotentha. Wogula akafunsa timati n'za agogo a kumudzi.

N'chifukwa chiyani? Chifukwa mlendo ukamuonetsa supuni yatsopano yokongola, yosemedwa bwino, amakunyengerera mtengo mpaka utsale ndi ya basi yokha. Ukamuonetsa yakuda yong'aluka amatulutsa chikwama osatsutsa. Msika ndi umene unatiphunzitsa kuti ukalamba umadula kuposa luso.

Njira zozindikirira n'zosavuta. Pukutani ndi kansalu koyera konyowa pang'ono, polishi amatsalira pansalu ndipo amanunkha. Chakale chenicheni chimada mosiyanasiyana, pogwira dzanja pamawala, pomwe dzanja silifika pamakhala mbuu. Chonamizira chimada paliponse mofanana, ngakhale m'kati momwe chakudya chikanayeretsa. Timabowo ta tizilombo tenitenito timalowa mokhotakhota, ta msomali timangolunjika. Ndipo kutha kwa mbali imodzi komwe mwafotokozako, ndi dzenje la chala, palibe amene angataye nthawi kuzipanga pa chinthu cha mapaundi 45.

NaGama (Ntcheu):
Achimwene Chisomo zikomo ponena chilungamo. Inenso ndiulule zanga, mwina mtima ungapepuke.

Zaka zingapo zapitazo kunabwera galimoto m'mudzi mwathu, anyamata awiri ndi bambo wina wovala bwino. Ankayenda khomo ndi khomo kufunsa mitondo yakale, mipando, malichero, zipanda. Posinthanitsa ankapereka mabeseni apulasitiki ndi ndalama pang'ono. Ife tinali ndi mtondo wa amayi awo a amayi anga. Unali wa mlombwa, wofika m'chiuno, m'chiuno mwakemo anaulemba mizere itatu yozungulira. Pansi pake unabooka kalekale ndipo agogo aamuna anautseka ndi chigamba cha mtengo wina, chokhoma bwino moti ngakhale ufa sunkadutsa. Milomo yake inali yoterera ngati galasi chifukwa cha manja a amayi atatu otsatizana. Chigayo chitabwera pa trading tinasiya kukonolera, unkangokhala kuseri kwa nkhokwe, nkhuku n'kumaikiramo.

Nthawi imeneyo mwana wanga anali atabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Ndinaupereka. Amayi anali kudimba, pobwera anangoona bwalo lozungulira pansi pomwe unkakhala. Sanandikalipire. Anangokhala pakhonde n'kuyamba kuyimba chapansipansi nyimbo yomwe ankayimba ndi akulu awo posinja, yodandaula za apongozi. Ine nyimbo imeneyo ndinali ndisanaimvepo. Mtondo uli pomwepo sindinafunsepo kanthu, ndipo anyamata ajanso sanafunse dzina la mwini wake kapena la mudzi. Anangouponya m'galimoto pamwamba pa ina.

Tsono ndikamva za kamtondo kopanda munsi komwe mwakaona ku Birmingham, ndikuganiza kuti wathunso ali penapake, mwina aikamo maambulera pakhomo la munthu.

aZimba (Kasungu):
Mayi NaGama, musadziweruze. Mwana anabwerera kusukulu, si choncho? Ine ndiyankhula mosapsatira ngakhale ena akwiye. Mtondo umene nkhuku zikuikiramo kuseri kwa nkhokwe watsala mvula ziwiri kapena zitatu kuti chiswe chiumalize. Amene anaugula mwina ndiye waupulumutsa. Tisamachite ngati timazisamala zinthuzi pamene tikuzisiya pamvula. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Cholakwika chomwe ndikuchiona ine ndi mtengo: kupatsa munthu beseni pa chinthu chomwe ukukachigulitsa ndalama zakunja, kumeneko ndi kuba masana. Koma kugulitsa pakokha si tchimo.

NaGama (Ntcheu):
Anabwereradi bambo Zimba, ndipo pano akugwira ntchito. Sindikulira ndalama ayi. Chomwe chimandiwawa n'chakuti ndinaupereka wopanda mawu. Ndikanadikira amayi abwere kudimba, andiuze anausema ndani, unabwera liti pakhomo, ndilembe pa pepala, ndimangirirepo. Kumene uliko bwenzi uli ndi dzina.

aTembo (Chipata):
Odi apa, ndiponyeko mawu kuchokera tsidya lino. Kwathu ku Zambia zomwe amalonda a zakale amazifuna kwambiri ndi mbale za a Lozi a ku Western Province, zamtengo, zokhala ndi chivundikiro chomwe pamwamba pake asemapo njovu, bakha kapena nsomba. Ku South Africa ndi masupuni a a Zulu, mbale zawo zazitali za nyama ndi zokamira mkaka. Zimenezo zili m'mabuku, ndiye wogulitsa akaziona amadziwa dzina loti alembe, mtengo n'kukwera. Chipande ndi mthiko wa Achewa n'zosakongoletsedwa, ndipo zimafanana kuyambira kuno ku Chipata, Mchinji, Dedza mpaka ku Angonia ku Mozambique. Ndiye NaPhiri, musalumbire kuti chipande chanucho n'cha ku Malawi. Chikhoza kukhala cha kwathu kuno, mkulu ujayo mwina anali ku Fort Jameson, dzina lakale la Chipata. Koma kaya n'cha mbali iti ya malire, nsima yake ndi imodzi.

Mphatso (Blantyre):
Funso lachitatu latsala osayankhidwa, ndipo ndilo lofulumira. Ndinaphunzirako kasamalidwe ka zinthu zakale, ndiye anti NaPhiri mverani.

Kaufa kotuluka pa timabowoko kakusonyeza kuti kachilombo kakadali moyo m'katimo ndipo kakudya. Lero lomwe chotsani mthikowo pafupi ndi chipande ndi mipando yamtengo. Musaupopere mankhwala ophera tizilombo, musauviike mu parafini, makamaka ngati mukufuna kudzauphikiranso. Njira yomwe nyumba zosungiramo zakale zimatsata ndi kuzizira. Ukulungeni ndi pepala lofewa kapena kansalu kouma, muuike m'jumbo yapulasitiki, mutulutse mpweya, mumange kwambiri. Ikani mu firiza yozizira kufika pa madigiri 18 kunsi kwa ziro, mukhale milungu iwiri. Potulutsa musamasule jumboyo tsiku lonse, kuti chinyezi chigwere kunja kwa pulasitiki osati pamtengo. Mukatero uikeni pa pepala lakuda kwa mwezi, muone ngati kaufa kagwanso.

Zina zoti mupewe: musaupale ndi sandipepala, musaupake vanishi. Kuda kuja, mapazi a sompho aja, ndiwo mbiri yake, mukachotsa sizibwerera, ndipo ngakhale kwa amalonda mtengo umagwa. Musaunyike m'madzi usiku wonse, ndipo makina otsukira mbale asauone n'komwe. Fumbi chotsani ndi kaburashi kofewa. Mdani wina kumeneko ku UK ndi zotenthetsera m'nyumba nthawi yachisanu. Mpweya umauma kwambiri, mtengo umakhwinyata n'kung'aluka. Musaupachike pamwamba pa chotenthetsera kapena pawindo lolowa dzuwa.

Kwa ife a kuno kumudzi vuto ndi losiyana: chiswe ndi chuku nthawi ya dzinja. Mtondo usakhale padothi, uikeni pa njerwa, m'nyumba mopita mphepo.

Tadala (Lilongwe):
Nanga mafuta ophikira sangathandize kuti usaume, aMphatso? Amayi anga amapaka mbale zawo zamtengo.

Mphatso (Blantyre):
Pa mbale yomwe ikugwira ntchito n'kumatsukidwa tsiku ndi tsiku palibe vuto lalikulu. Koma pa chinthu chongosunga, mafuta ophikira amavunda m'kati mwa mtengo, amanunkha, amamata fumbi, ndipo amadetsa mtengo mosabwerera. Ngati chauma kwambiri, phula la njuchi pang'ono kwambiri, kupaka ndi kansalu. Koma nthawi zambiri chabwino ndi kusapaka kanthu.

aBanda, mphunzitsi wopuma (Zomba):
Ndiwonjezere za malamulo, poti nkhani ya galimoto ija yandikhudza. Dziko lathu lili ndi lamulo la Monuments and Relics Act, ndipo zinthu zamakedzana zomwe lamulolo limaziteteza sizituluka m'dziko popanda chilolezo cha boma. Amene mukufuna kutumiza chakale kunja yambani mwafika ku dipatimenti yoona za malo ndi zinthu zakale, kapena ku myuziyamu ya ku Chichiri. Komanso mitengo yomwe atchula a Mbewe ina ili pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loteteza zachilengedwe pa malonda. Phingo analowa mu 2017, mlombwa ndi mbawa analowa mu 2023 potsatira msonkhano wa ku Panama wa 2022. Pa mlombwa ndi mbawa, lamulolo likulunjika pa zipika ndi matabwa, osati supuni ya m'chikwama, koma likutiuza kanthu: mtengo womwe anasemera mtondo wa a NaGama ukusowa, ndiye wina wonga umenewo sudzasemedwanso wamba.

China, mu 2017 UNESCO inalemba nsima ya ku Malawi pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu a dziko lonse. Tinasangalala. Koma nsima imeneyo amavundula ndi chiyani, amaomola ndi chiyani? Pa chinkhoswe mpaka lero timapereka mthiko, chipande ndi lichero kwa mkazi, khasu ndi nkhwangwa kwa mwamuna. Ndiye kuti tikudziwa kulemera kwake, kungoti sitilemba.

Chisomo (Johannesburg):
Achemwali NaPhiri, mukapita kukagula musaonetse misozi ija, mtengo sutsika. Muyambire pa 30. Ndipo mufunse ngati pa katundu wa mkulu ujayo panali zithunzi, makalata kapena mabuku. Anthu ogula nyumba yonse nthawi zina amakhala nazo m'katoni, osadziwa kuti n'zogwirizana. Envulopu imodzi yokhala ndi sitampa ya Nyasaland kapena Northern Rhodesia ingakuuzeni zambiri.

NaPhiri (Birmingham):
Abale, ndabwerako. Mthiko uli mu firiza kuyambira usiku wathawu, ndaukulunga monga wanenera Mphatso. Ndiye m'mawa uno ndisanapite kuntchito ndinaimbira amayi ku Dedza pa WhatsApp, chifukwa mawu a mayi NaGama sanandigonetse. Takamba ola lathunthu.

Zomwe ndamva sindinkazidziwa, chikhalirecho zinthuzi ndakhala nazo zaka 11. Chipande ndi mthiko sizinabwere limodzi. Chipande anasema ndi mlongo wawo wa agogo, ndipo anawapatsa pa ukwati wawo, amayi asanabadwe. Amayi anabadwa mu 1958. Mlongo wawoyo anapita ku Wenela, kukagwira ntchito ku migodi ya ku South Africa, ndipo sanabwerenso, chipandecho n'chokhacho chomwe chinatsala cha manja ake. N'chifukwa chake agogo sankalola mwana kuchigwira. Ine ndinkayesa nkhanza chabe. Mthiko ndi wapambuyo, anagula pamsika wa ku Linthipe amayi ali kale mtsikana wotha kuphika, ndipo unali wautali kuposa mmene ulili. Unapsa kumapeto tsiku lina pophika nsima ya pamaliro, agogo aamuna n'kuudula. Amayi aseka pokumbukira kuti achimwene awo ankaunyambita mobisa, agogo n'kumawaopseza kuti amera mabere.

Zonsezi ndalemba m'kope, ndi mayina awo onse, mudzi, ndi mfumu yake. Ndasunganso mawu a amayi pafoni. Mwana wanga wamkazi, wobadwira kuno, wakhala pambali panga akumvetsera, ndipo wafunsa kuti Wenela n'chiyani. Madzulo ano ndi nkhani imeneyo.

Cha kumsika chija ndikagula. Kamtondo ndiona mmene ndalama zikhalire. Kapepala kawo sindikataya, ndikasunga m'kope momwemo, koma ndimangirirapo kanga: chipande choomolera nsima, cha mayi wamanzere, cha ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia kapena Angonia.

Bambo Mbewe, funso lomaliza. Chipande cha agogo chili ndi kamng'alu kakang'ono pakhosi, kotalika ngati chikhadabo. Ndingaomolere nacho nsima pa Khirisimasi, kapena ndichisiye?

aMbewe, msemi (Mtakataka):
Pakhosi ndi pomwe pamalemera nsima, mayi. Mng'alu ukatsata utali wa chogwirira chingapirire, koma ukadutsa chopingasa musayese, chithyokera m'manja. Tumizani chithunzi cha pafupi, muikepo ndalama yachitsulo pambali kuti ndione kukula kwake. Munditumizirenso muyeso wa kamwa lake, m'litali ndi m'lifupi, ndi kuya kwake. Ndili ndi chipika cha mango chomwe ndadula sabata yatha, chikadali chauwisi. Ndikusemerani china chofanana nacho choti muziomolera, wina wobwera kumeneko adzakutengerani.

NaPhiri (Birmingham):
Zikomo kwambiri bambo. Ndiyeza ndikaweruka. Ndipo pansi pa chogwirira mulembepo dzina lanu ndi chaka, ndi chitsulo chamoto.